Tsiku Limene Mipando Yathu Inatulutsidwa Panja

Ndikukumbukira kulira kwa chogwirira cha ndowa yawo. Inali ndowa yachitsulo, yakalekale, ndipo chogwiriracho chinkalira kwee, kwee, pa phazi lililonse limene mwini wake aponda. Ife ana a ku Libuyu, komboni ya mu Livingstone, tikangomva kulirako, masewera ankathera pomwepo. Wa mpira ankatola mpira wake, a chingwe ankachisiya pamchenga, tonse n'kukabisala kuseri kwa mipanda ya nkhadze. Tili kumeneko tinkasuzumira kuti tione nyumba imene alowe.

Mwini ndowayo anali Ba Mwangala, mayi wachilozi, wamtali, wosaseka chisawawa. Ankavala duku yoyera ndi nsapato zansalu zimene zinkakhala zoyera ngakhale m'nyengo ya matope. Pa utsikana wawo ankalera ana a anthu olemera ku Highlands, koma pamene ine ndinkawadziwa, chapakati pa zaka za m'ma 1990, analibe ntchito yolembedwa. Sanali namwino, ndipo palibe amene ankawalipira. Akuluakulu ankati mpopi wa madzi wa mumzere wathu unabwera chifukwa iwo anakakhala pakhomo la ofesi ya khonsolo tsiku ndi tsiku mpaka mabwana anatopa nawo. Ankati amapititsa sopo kwa akaidi, ndipo munthu akafera m'chipatala wopanda m'bale, iwo ndi amene ankapempha matabwa ndi kumuperekeza kumanda. Zonsezo kwa ife ana zinali nkhani za akulu. Ife tinkadziwa chimodzi chokha: Ba Mwangala amasambitsa odwala ndi akufa, ndipo nyumba imene alowa, posachedwa mumamveka kulira.

Magolovesi kunalibe, choncho ankavala timatumba tapulasitiki ta buledi m'manja, n'kumanga ndi mphira pamkono. Anyamata aakulu ankatiuza kuti mkati mwa timatumbato manja awo ndi ozizira ngati madzi a mumtsuko, ndiponso kuti mphuno yawo imanunkhiza munthu amene watsala pang'ono. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkakhulupirira zonsezi ndi mtima wonse.

Zaka zimenezo tauni yathu inali itafooka. Mafakitale ankatsekedwa, abambo ambiri ankaswera pansi pa mitengo ya mango kusewera nsolo, ndipo matenda aja amene anthu sankawatchula dzina ankalowa nyumba ndi nyumba. Maliro anachuluka moti ana tinaphunzira kuwazindikira tili patali, osauzidwa ndi munthu. Mipando, tebulo ndi matiresi zikatulutsidwa panja, ndiye kuti m'nyumba akonza malo oti amayi akhale pansi polira. Kenako panja pankayaka moto wa zikuni zikuluzikulu woti abambo aothe, ndipo pamsewu ankaikapo nthambi zamasamba kuti galimoto zichepetse liwiro. Ine zimenezi sindinaziphunzire pa khomo la eni okha. Atate atamwalira, ndili mu giredi yachiwiri, ndinaona ndi maso anga mpando wawo wa ndalema uli padzuwa, ndipo amene anautulutsa anali Ba Mwangala.

Tinatsala atatu: amayi, ine Zelipa, ndi mlongo wanga Yona, amene anali asanayambe sukulu. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma ine ndinabadwira ku Livingstone komweko, ndipo Katete ndinkangomumva m'kamwa mwa amayi. Iwo ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Chaka chimenecho, nyengo yozizira itatha, chifuwa chawo sichinathe. Anayamba kuonda, chitenje n'kumazungulira kawiri m'chiuno, ndipo m'mawa ndinkapeza bulangeti lawo litanyowa ndi thukuta. Kumsika analeka kupita. Anatseka mawindo onse ndi nsalu chifukwa sankafuna kuti anthu awaone, ndipo m'nyumba munayamba kumveka fungo lolemera limene ndimalikumbukira mpaka lero. Anansi sanatitaye kwenikweni, koma ankaopa chifuwacho. Yona ankamulola kuswera kwawo, koma mbale ya ndiwo ankaisiya pakhonde, n'kugogoda, n'kubwerera msanga.

Tsiku lina madzulo, m'mwezi wotentha wa Okutobala, ndikuchokera kumpopi ndi chigubu pamutu, ndinamva kwee, kwee kumbuyo kwanga. Kuthawa ndi chigubu chodzaza sikukanatheka. Ndinangoima, madzi akundidonthera kumsana.

"Iwe Zelipa, yima," anatero Ba Mwangala. Dzina langa analidziwa bwanji? "Bamai bako bali bwanji?"

"Bali che bwino," ndinayankha, maso ali pa nsapato zawo zoyera zija.

"Awe. Nimabamvela kukhosomola nikapita pamseu. Ukabauze ati nizabwela mailo kuseni."

Ndinafika kunyumba theka la madzi litatayika. Ndinawauza amayi uthengawo, ndikuyembekeza kuti akana. Iwo anangotembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Abwere, mwanangu. Ine ndatopa." Mawu amenewo anandiopsa kuposa ndowa ija.

M'mawa mwake sindinafune kupita kusukulu, koma amayi anandithamangitsa ndi mawu awo otsalawo. M'kalasi sindinamve kalikonse. Malata ankathetheka ndi dzuwa, nyenje zinkalira m'mitengo, ndipo ine ndinaweramira pa desiki kupemphera. Ndinapempha Mulungu kuti Ba Mwangala aiwale, kapena asokere njira, kapena kugwe chimvula, ngakhale kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Ndili mkati mwa pempherolo, aphunzitsi ananditchula dzina kuti ndiyankhe samu imene inali pabolodi, ine n'kudzidzimuka n'kunena mokweza kuti, "Ameni!" Kalasi yonse inafa nako kuseka. Ine sindinaseke, ndipo khutu limene anandikoka sindinalimve kuwawa.

Titaweruka masana ndinathamanga. Mchenga unkaotcha kudutsa m'nsapato zanga zapulasitiki. Nditakhota pa kagolosale ka pakona, chinthu choyamba chimene ndinaona ndi nthambi zamasamba zitagonekedwa pamsewu. Ndinadziuza kuti mwina ndi za nyumba ina, chifukwa mumzere wathu odwala analipo ambiri. Kenako ndinaona utsi. Kenako ndinaona tebulo lathu lili panja, miyendo m'mwamba, mipando yathu iwiri, kabati ya mbale, ndi matiresi a amayi atatsamira mpanda. Abambo a kutchalitchi kwathu anali atakhala mozungulira moto, zipewa zili pamaondo. M'nyumba munkatuluka kulira kwa amayi ambiri.

Sindikudziwa mmene mabuku anga anagwera. Ndinangokhala pansi pakati pa msewu. Amene anabwera kudzanditola anali Bana Chanda, kutanthauza amake Chanda, mnansi wathu wa mawu aakulu, amene pa maliro alionse a mu Libuyu ankakhala woyamba kufika ndi wotsiriza kutonthola. Anandikulunga m'chitenje chawo chonunkha utsi ndi mafuta ophikira, n'kumandigwedeza.

"Mwana wanga, mwana wanga, wasala weka! Nabaona na menso yanga, Ba Mwangala babapeleka pa wilibala, babavinikila na chitenge mutu wonse. Mayo ine!"

Anandilowetsa m'nyumba. Chipinda chathu chinali chopanda kanthu, pansi potsukidwa mpaka simenti kuwala, mawindo onse otsegula, ndipo munkanunkha mankhwala otsukira aja oluma m'mphuno. Amayi a mumzere ndi a chigwirizano cha kutchalitchi anali atakhala mondondozana m'mbali mwa khoma, miyendo yotambasula. Ndinadabwa kuona nkhope zimene kwa miyezi yambiri sizinadutse pakhomo pathu. Pakona panali pataunjikidwa kale timatumba ta ufa, shuga, kabichi ndi botolo la mafuta ophikira amene timati saladi, zimene anthu amabweretsa pamaliro. Yona anali pamiyendo pa mayi wina akudya banzi, akuyang'ana uku ndi uku, wosangalala kuti kwathu kwabwera alendo.

Ine misozi inakana kutuluka. Ndinangokhala, m'makutu mukulira ngati nyenje zija. Nyimbo itatha, amayi awiri amene anali kumbuyo kwanga anayamba kunong'onezana, akuganiza kuti sindikumva.

"Uyu mukazi angayende ku Katete, ni mukulu, azathandiza ku munda."

"Nanga kamwamuna?"

"Kaja bamalume bake ba ku Simonga bangakatenge. Bonse babili pamozi sivingachitike, vinthu vadula."

Pamenepo m'pamene mantha enieni anandigwira. Ndinaona kuti amayi apita, Yona apita kwina, ine kwina, ndipo nyumba ino mulowa anthu ena. Ndinakwawa n'kukamulanda Yona kwa mayi uja, n'kumugwira mwamphamvu moti anayamba kulira, banzi n'kugwa. Amayi aja ataona Yona akulira anati mwana wazindikira, ndipo kulira kunayambiranso mwamphamvu kuposa poyamba. Mumtima ndinkangoti, ndinadziwa ine, ndinadziwa kuti akalowa m'nyumba muno atitengera amayi.

Dzuwa litapendeka, panja panangoti zii. Bata limenelo linayambira kwa abambo, n'kulowa m'nyumba pang'onopang'ono, mpaka amene ankatsogolera nyimbo anaima pakati pa mzere. Kenako tinamva tayala la wilibala likulira pamchenga. Ndinapita pakhomo, Yona ali m'manja.

Ba Mwangala anali ataima pamsewu, thukuta lili chuchuchu, atagwira wilibala. M'wilibalamo munali munthu wofunditsidwa chitenje cha amayi chamaluwa achikasu, ndipo kutsogolo kunkalendewera mapazi awiri oonda amene ndinkawadziwa bwino. Abambo onse anaimirira. Palibe amene anamvetsa chifukwa chimene mtembo wabwerera kunyumba wopanda bokosi. Ine ndinkayang'ana mapaziwo, ndipo ndikuyang'ana choncho, chala chachikulu cha phazi lina chinakanda phazi linzake.

Bana Chanda anakuwa, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, patapata imodzi n'kutsala pakhomo.

"Nindani waika mitengo pamseu?" anafunsa Ba Mwangala. "Nizapita bwanji na wilibala?"

Chitenje chija chinagwedezeka, dzanja linatuluka n'kuchikokera pansi, ndipo nkhope ya amayi inaonekera, maso akuphethira ndi kuwala. M'dzanja lina anali ndi lalanje loyamwa theka. Anayang'ana moto, anayang'ana abambo, anayang'ana amayi amene anadzaza pakhomo pawo, n'kufunsa ndi mawu aang'ono, aulemu, "Pepani, kodi wamwalira ndani?"

Ndikanakonda kunena kuti ndinawathamangira, koma ayi. Ndinaima pomwepo, ndikuopa kuti mwina ndi mzukwa umene Ba Mwangala abwera nawo. Amayi anandiona, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Zelipa, yunifolomu imeneyo wakhala nayo m'dothi, achapa ndani?" Apo ndinadziwa kuti ndi amayi anga enieni. Misozi imene inakana tsiku lonse inatuluka nthawi imodzi, ndipo ndinalira mokweza kuposa onse amene anabwera kudzalira.

Zimene zinachitika zinali zapafupi. Ba Mwangala atafika m'mawa uja anapeza nyumba yotsekeka ndi yonunkha, ndipo anati munthu wa chifuwa sangachire mumdima. Anatulutsa katundu yense kuti awombedwe dzuwa, anatsuka pansi, anasonkha moto panja n'kuwiritsa mabulangeti mumgolo. Atatha anabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, anawakweza amayi, anawafunditsa chitenje chifukwa cha dzuwa, n'kuwakankha mpaka kuchipatala, kumene anakhala pamzere tsiku lonse. Bana Chanda anaona wilibala ikuchoka, ena anaona mipando, ena utsi. Panalibe wofunsa, chifukwa panalibe amene ankalowa m'nyumba mwathu.

Ba Mwangala anatula wilibala pansi, anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, n'kuyang'ana khamu lonselo mmodzimmodzi. Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Mwabwela bambili, ai. Myezi yonse iyi muzimai uyu enze mukati, akhosomola yeka, mwana wa ten yiyazi ndiye amusambika. Simunaione nyumba. Lelo mwamvela ati wafa, mwaipeza."

Abambo anayamba kuvala zipewa. Amayi ena analowa m'nyumba mwakachetechete, aliyense kukatenga kathumba kake ka ufa kuti azipita. Ba Mwangala anaima pakhomo, mikono m'chiuno.

"Awe, ivo visiyeni. Unga, shuga, saladi, nkhuni, vonse visale. Mwaletela wakufa, manje azadya wamoyo. Mankhwala yamene bamupasa yafuna vakudya."

Sanalekere pomwepo. Abambo anawauza kuti asanachoke achotse nthambi pamsewu ndi kubwezera kabati m'nyumba. Kenako anayamba kuloza amayi aja ndi chala: uyu aziphika phala m'mawa, uyu azitunga madzi, awa a chigwirizano azichapa Loweruka. Anawauza kuti mawindo akakhala otsegula ndipo wodwala akumwa mankhwala, palibe choti athawire. Bana Chanda, amene anali atabwerako kuseri akutsimphina ndi patapata imodzi, anapatsidwa ntchito yokankha wilibala masiku a jakisoni, popeza iwo ndi amene anali ndi maso akuthwa oona mawilibala. Anthu anaseka, kuseka kwa manyazi, koma palibe amene anakana. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti si ana okha amene ankawaopa mayi amenewa.

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse. Ankaima pambali pa amayi mpaka mapiritsi atamezedwa, n'kuwauza kuti atsegule pakamwa aone. Amayi akakana phala, iwo ankakhala pansi ndi supuni osachoka. Mantha anga sanathe msanga. Kwa milungu yambiri ndikamva ndowa ija ndinkafunabe kubisala, ndipo ndikachoka kusukulu ndinkayamba ndasuzumira pakona kuti ndione ngati tebulo lili panja.

Tsiku lina ndikuwathirira madzi osamba m'manja, atavula timatumba tawo ta buledi, chala changa chinakhudza dzanja lawo. Linali lofunda, lokhakhala ngati la mayi aliyense wochapa. Mwina n'chifukwa chake ndinalimba mtima.

"Ba Mwangala, nichifukwa chani nyumba yamene mumangena, munthu amafa?"

Ndinayembekeza kumenyedwa khofi. Iwo anandiyang'ana, madzi akudontha m'zala.

"Bamaniitana leti, mwana wanga. Bamabisa munthu mpaka wasila, wasala pafupi kufa, ndiye bati itanani Ba Mwangala. Kwanu sininayembekeze kuitaniwa."

Mvula itayamba, amayi ankatha kukhala pakhonde. Pofika nthawi yokolola anabwerera kumsika, ali oonda koma akuyenda okha. Anadwaladwalabe zaka zotsatira, ndipo kangapo konse tinkaganiza kuti basi, koma anapirira mpaka mankhwala otalikitsa moyo anafika m'zipatala zathu. Ine sindinapite ku Katete, Yona sanapite ku Simonga. Tinakulira m'nyumba imodzi, tikukangana za bulangeti ngati ana ena onse.

Masiku ano zinthu zinasintha. Munthu akamwalira uthenga umayenda pafoni, pakhomo pamabwera tenti ndi mipando yapulasitiki yobwereka, ndipo osambitsa mtembo ndi a kampani ovala yunifolomu. Matenda aja ali ndi dzina, anthu amamwa mankhwala n'kumapita kuntchito. Ana anga ndikawauza kuti tinkathawa mayi wonyamula ndowa amandiseka. Zambiri mwa zimenezi ndi zabwino, ndipo sindilakalaka kubwerera. Chimene sindichionanso ndi munthu womva chifuwa cha mnzake ali pamsewu n'kugogoda pakhomo osaitanidwa.

Chaka chathachi anthu a mu Libuyu, matchalitchi ndi a khonsolo anakonza mwambo wowathokoza Ba Mwangala akadali moyo. Anawabweretsa pa njinga ya olumala, atakalamba kwambiri, maso atachita khungu. Panali zolankhula zambiri za mpopi, za akaidi ndi za denga la sukulu limene nalonso analimenyera nkhondo, ndipo anawapatsa bulangeti ndi chikalata cha m'galasi. Chakumapeto wotsogolera mwambo anapempha kuti onse amene anadwazikidwapo ndi mayi amenewa aimirire. Holo inali yodzaza, koma amene anaimirira anali ochepa kwambiri, ndipo tonse tinadziwa kumene kuli enawo. Pambali panga amayi anga anagwira phewa langa, n'kuimirira pang'onopang'ono, imvi zili mbuu.

Mwambo utatha ndinawaperekeza kutsogolo. Anagwada pafupi ndi njingayo n'kugwira dzanja la Ba Mwangala.

"Nindani uyu?" anafunsa agogowo.

"Ndine amake Zelipa, a mumzere wa kumpopi."

Ba Mwangala anakweza manja n'kuyamba kupapasa nkhope ya amayi, masaya, khosi, mpaka mikono, akufinya pang'ono ngati mmene ankachitira kale poona ngati wodwala wawo akubwerera m'thupi.

"Mukali moyo," anatero. "Mwanenepa na kunenepa. Mukudya?"

"Ndikudya, amayi."

"Chabwino. Bambili sibanadye."

Amayi anaika mutu pamiyendo pawo, ndipo ine ndinaima pambali n'kuwasiya alire mpaka anakhuta.